Makina Osindikizira a Inki: Zoyenera Kucita Timabowo Tikatsekeka

Mu Lilanda ndi makomboni oyandikana nawo monga Matero ndi George, timasitolo tambiri timadalira printa ya inki posindikiza makalata ofunsira nchito, makope a NRC ndi mapulogalamu a maliro. Printa ikayamba kutulutsa mapepala a mizere yoyera, kapena mtundu umodzi ukasowa, kawirikawiri simakhala kuti yafa. Inki ndiyo imakhala itauma mu timabowo ta ku mutu wake, tomwe n'tocepa kuposa tsitsi la munthu.

Inki imauma makina akakhala masiku ambiri osagwira nchito. Imaumanso malaiti akathima mwadzidzidzi mutu usanabwerere pamalo pake pomwe pali kacivundikiro koletsa mpweya. Vutoli linali losavuta kukumana nalo mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inali kuthimitsa malaiti kwa maola ambiri pa tsiku. Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala nalonso silithandiza.

Coyamba, sindikizani pepala loyesera lochedwa Nozzle Check kuti muone mtundu womwe watsekeka. Kenaka sankhani Head Cleaning. Mukacita katatu popanda kusintha, lekani, zimitsani makina mpaka mawa kuti inki youma ifewe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amabwereza kakhumi, inki n'kutha, thonje lomwa inki yotayika n'kudzaza, makina n'kukaniratu kusindikiza.

Maprinta ang'onoang'ono ambiri a HP ndi Canon ali ndi mutu pa katiriji pomwepo. Cotsani katirijiyo, ikani mbali ya timabowo pa kansalu kofewa konyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi 10, pukutani, ndi kubwezera. Musagwire tizitsulo ta mkuwa. Madzi akhale osungunulidwa, aja othira mu batiri ya galimoto, koma muonetsetse kuti si asidi. A pa mpope kapena a pa citsime sayenera, cifukwa Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, ndipo laimuyo amatsalira mu timabowo madzi akauma.

Mutu wa Epson ndi womangirira m'makina ndipo mtengo wake ndi wokwera, motero kuumasula ndi nchito ya amisiri. Nyeleti kapena kawaya siziyenera kufika pa mutu wa mtundu uliwonse. Kabowo kakakula sikabwereranso. Eni Canon ndi HP adziwenso kuti mitu yake imaponya inki mwa kuitenthetsa, ndiye kusindikiza inki itatha kumaiwocha.

Mutu ukatseguka, sindikizani tsamba la mitundu yonse kamodzi pa sabata, zimitsani ndi batani la pa printa osati pa khoma, ndipo usiku ifunditseni nsalu.