Tchalitchi cha St Peter, Likoma

Tchalitchi cha St Peter ndi kathedulo ya mpingo wa Anglican yomwe ili pachilumba cha Likoma, m'nyanja ya Malawi. Ndi chimodzi mwa matchalitchi akuluakulu komanso akale kwambiri m'dziko la Malawi, ndipo ndicho tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Northern Malawi.

Mbiri

Amishonale a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anakhazikitsa mishoni pa Likoma m'chaka cha 1885. Ena mwa atsogoleri awo anali William Percival Johnson ndi Chauncy Maples. Malo omwe anamangapo tchalitchichi amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankatentherapo anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko mu Januwale 1903. Anthu anayamba kupemphereramo mu 1905, koma mwambo wopatula nyumba yonse unachitika mu Novembala 1911.

Kamangidwe

Mapulani anajambula ndi Frank George, mmisiri wa mishoniyo, amenenso anayang'anira ntchito yonse. Iye anatengera kamangidwe ka makathedulo akale a ku England. Tchalitchichi anachiyala ngati mtanda, ndipo m'litali mwake chimafika pafupifupi mamita 100. Kumaso kwake kuli nsanja ziwiri, ndipo denga lake ndi la malata. Pambali pali makonde okhala ndi zipilala olumikiza tchalitchi ndi zipinda zina za mishoni.

Makoma ndi a miyala yophwanyidwa pachilumba pomwepo pamodzi ndi njerwa. Popeza Likoma alibe mitengo yambiri, matabwa ankabwera pamadzi kuchokera kumtunda, pamene simenti, zitsulo ndi magalasi zinachokera kunja. Ntchito yosenza miyala ndi yomanga anagwira ndi anthu a pachilumbachi, amuna ndi akazi, ndipo ena anaphunzirirapo umisiri.

Zokongoletsa

A UMCA ankatsata mwambo wa Anglo-Catholic, womwe umalola zithunzi ndi zosema m'nyumba yopemphereramo. Apa ndi pomwe ankasiyana ndi mishoni za Dutch Reformed, monga ya ku Mvera ku Dowa yomwe inayamba mu 1889, zomwe zinkaika mtima pa gome lolalikirapo osati pa zithunzi.

M'kati mwa St Peter muli mazenera a magalasi amitundumitundu osonyeza oyera mtima. Mipando ya kwaya anaisema pamwala wofewa wotchedwa soapstone. Mulinso mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, komwe David Livingstone anamwalirira mu 1873.

Masiku ano

Akhristu a pa Likoma amapempherabe m'tchalitchichi Lamulungu lililonse. Alendo ambiri odzachiona amafika pa sitima ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay, ena pa ndege zing'onozing'ono.