Wakuba wa m'filimu ndi tauni yeniyeni: kambiri kochepa



Mwezi watha, zokambirana zathu zitatha, enafe tinatsalira pa vidiyo ya pamsika kuonera filimu ya apolisi, ija yomasuliridwa m'Chichewa. Potuluka panabuka mkangano. Mnzathu wina anati m'tauni ukaberedwa apolisi amafika usanamalize n'kulira komwe. Wina, amene anakhalako m'tauni zaka ziwiri akugulitsa kaunjika, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Zinandipatsa maganizo. Ambiri mwa ife kuno kwa Mposa tauni tinayamba kuiona pa sikirini tisanaipondeko, ndipo ena timakwera basi ya ku Lilongwe kapena ku Joni titanyamula chithunzi chomwecho m'mutu. Ndiye ndi bwino tidziwe kumene chithunzicho chinachokera, komanso amene anachijambula.

Tiyambire ku America. Mu 1951 pa TV panayamba sewero lotchedwa Dragnet, la Jack Webb. Nkhani zake ankazitenga m'mafayilo a polisi ya ku Los Angeles, ndipo apolisiwo ankathandiza nawo pokonza seweroli. Ndiye mukuganiza kuti wapolisi akanaoneka woipa mmenemo? Ayi ndithu. Wakuba ankakhala munthu wa mtima woipa basi, wapolisi n'kumugwira, khoti n'kumulanga, mzinda n'kugona tulo. Chikombole chimenechi chaumba masewero ambirimbiri mpaka lero. Funso loti wakubayo anakulira kuti, sukulu anaisiyiranji, silinkafunsidwa.

Kwathu kuno nthawi ya Kamuzu kunalibe wailesi ya kanema. Kunali wailesi ya MBC yokha, yomwe inayamba mu 1964, ndipo mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe loona kaye mabuku, mafilimu ndi zisudzo anthu asanazione. Agogo athu ankasonkhana pa wailesi kumvera Kapalepale, n'kumaseka za woledzera, wakuba nkhuku kapena mwamuna wachimasomaso. Masewerowo anali okoma, tisanamizane, ndipo ankaphunzitsa. Koma cholakwa chinkakhala cha munthu mmodzimmodzi. Kuloza chala polisi, khoti kapena chipani kunali kuitana tsoka.

Chonsecho mlandu waukulu kwambiri wa nthawi imeneyo unali m'manja mwa boma lenilenilo. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Anthu anauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994 inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo khoti linamasula Kamuzu ndi anzake. Taganizani, zaka 11 zathunthu nkhaniyi anthu ankangoinong'ona, palibe akanayerekeza kuiseweretsa pa wailesi.

Zinthu zinayamba kumasuka pambuyo pa referendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994. TVM inayamba kuulutsa mu 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi, munthu wa kwathu konkuno ku Machinga. Apa tinayamba kuona nkhope za anthu amene kale tinkangowamva mawu. Tikuferanji, sewero la bungwe la ADRA, linatchukitsa Manganya, amene dzina lawo lenileni ndi a Michael Usi, omwe aja anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Seweroli linayamba ndi nkhani za Edzi, koma linkakhudzanso ziphuphu, nkhanza za m'banja ndi ndale. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, nawo ankatiseketsa kwinaku akutibaya ndi zoona. Komabe masewero ambiri a nthawiyi ankalipiridwa ndi mabungwe okhala ndi uthenga wawo, ndipo kanemayo anali wa boma. Mapeto ake nkhani inkabwerera pomwe paja: iwe munthu sintha khalidwe.

Chaka chomwecho cha 1999, ku South Africa wailesi ya SABC inayamba kuonetsa Yizo Yizo. Amene muli ndi achibale ku Joni afunseni, akuuzani. Nkhani yake inali ya sukulu ya sekondale ya m'lokeshoni, yotchedwa Supatsela, mmene munali mfuti, chamba, kugwiririra atsikana ndi aphunzitsi otaya mtima. Makolo ambiri anakwiya, ati likuphunzitsa ana uchigawenga. Mu 2001, gawo lachiwiri litaonetsa mnyamata akugwiriridwa m'ndende, aphungu ena anafuna kuti liletsedwe. Koma chodabwitsa n'chakuti unduna wa zamaphunziro wa dzikolo unali nawo m'gulu la amene analiyambitsa. Ankafuna anthu asiye kunamizira kuti m'sukulu zonse zili bwino.

Kenako mu 2002 ku America kunatuluka The Wire, limene linatha mu 2008. Analilemba ndi David Simon, amene kale anali mtolankhani wa nkhani za apolisi mumzinda wa Baltimore, mothandizana ndi Ed Burns, amene anakhalapo wapolisi wofufuza milandu kenako mphunzitsi. Lili ndi zigawo 5, ndipo chilichonse chimaunika mbali yake ya mzinda: malonda a mankhwala osokoneza bongo, doko, andale a kukhonsolo, sukulu, pomaliza nyuzipepala. Mmenemo mabwana a polisi amasintha ziwerengero za milandu kuti andale aoneke ngati akugwira ntchito. Aphunzitsi amakakamizidwa kuphunzitsa mafunso a mayeso okhaokha. Ukamanga wogulitsa mankhwala mmodzi, mawa pakona pomwepo paima mwana wina. Apa chikombole cha Dragnet chinasweka: wowonera amayamba kuona kuti wapolisi ndi chigawenga onse ali ndi mabwana owapanikiza, ndipo munthu wabwino yekha sangakonze ofesi yovunda.

Opanga mafilimu a kwathu nawonso ayamba kuyenda njira imeneyi. Mu 2017 a Shemu Joyah anatulutsa The Road to Sunrise, ya amayi awiri oyendayenda a mu Blantyre, yoonetsa mmene osauka amavutikira kupeza chilungamo. Kenako Gift Sukez Sukali anatulutsa Fatsani, ya mtsikana amene akuyamba kugulitsa malonda mumsewu sukulu yake itatsekedwa. Onse awiri akufunsa funso lija Dragnet sankafunsa: munthuyu wafika bwanji pamenepa?

Ndipo nkhani zenizeni zoti n'kupangira masewero otere tili nazo zambiri. Aliyense amalidziwa liwu loti vakabu. Linachokera ku lamulo la nthawi ya atsamunda lolola apolisi kugwira munthu pongomuganizira kuti akuyenda ndi cholinga choipa. Mu 2015 venda wina wa ku Blantyre, a Mayeso Gwanda, anagwidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo. Sanangokhala chete, anakamang'ala kukhoti, ndipo mu January 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Munkhani imeneyi wolakwa ndani? Si vendayo. Mwinanso si wapolisi yekhayo. Ndi lamulo limene linkasandutsa umphawi kukhala mlandu. Nanga Cashgate ija ya 2013, imene inaphulika a Paul Mphwiyo atawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Lilongwe? Akuba a mmenemo sanathyole zenera la munthu usiku. Anali m'maofesi, ovala mataye, akulemba macheke a ntchito zimene sizinagwiridwe.

Musandimve molakwa, anzanga. Sindikunena kuti wakuba alibe mlandu, kapena kuti apolisi onse ndi oipa. Amene anakuberapo foni pa depoti sungamukhululukire chifukwa choti anasiya sukulu ali Sitandade 5. Komanso masewero onga Yizo Yizo ali ndi vuto lawo: amatha kukupangitsa kuona ngati m'lokeshoni aliyense ndi chigawenga, pamene ambiri amangodzuka m'mawa kupita kuganyu ngati ife tomwe. Sewero lililonse limasankha choonetsa ndi chobisa. Ntchito yathu owonera ndi kufunsa amene walipira, ndi amene sakuoneka pa sikirinipo.

Tsono gulu lathu la zisudzo likukonza sewero la kumapeto kwa teremu, la mnyamata woba ukonde ku Chilwa. Pempho langa n'lakuti tisathere pomugwira ndi kumumenya mbama, anthu n'kuseka. Nyanjayi inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo mabanja ambiri kuno anasowa pogwira. Tionetseko zimenezo. Tionetsenso wogula ukonde wobedwawo, wa komiti ya pagombe amene akuyang'ana kumbali, ndi wapolisi amene akufuna kubwera koma alibe mafuta a njinga. Amene muli ndi maganizo bwerani nawo Loweruka, tidzayambe kugawana mbali.