Fachada

Fachada ndi mawu a Chisipanishi otanthauza mbali ya kutsogolo kwa nyumba, imene munthu amayamba kuiona ali pamsewu. Mawuwa amanenanso maonekedwe a munthu kapena a chinthu, makamaka pamene maonekedwewo akubisa zenizeni. Pa tanthauzo lachiwirili, mawu a Chichewa oyandikana nawo kwambiri ndi chiphamaso.

Chiyambi ndi katchulidwe

Mawuwa anachokera ku Chitaliyana, facciata, amene tsinde lake ndi faccia, kutanthauza nkhope. Choncho fachada ndi nkhope ya nyumba. Mawu a Chifalansa akuti façade, amene Chingerezi chinabwereka, anachokeranso komweko. M'Chisipanishi ch wake amamveka ngati wa m'mawu akuti chala. Chipwitikizi chili ndi mawu omwewa ndipo kalembedwe kake n'kofanana, koma amatchulidwa kuti fashada. Umu ndi mmene amamvekera ku Mozambique, kuphatikizapo m'chigawo cha Niassa, kutsidya kwa nyanja munthu akaima ku Nkhotakota.

Pa zomangamanga

Amisiri akhala akuthera luso ndi ndalama zambiri kumaso kwa nyumba kusiyana ndi mbali zina. Fachada del Obradoiro ya tchalitchi chachikulu cha Santiago de Compostela ku Spain inamalizidwa mu 1750, ndipo inamangidwa kutsogolo kwa khomo lakale la m'zaka za m'ma 1100, lomwe likadalipo kuseri kwake. Ku Macau, tchalitchi cha St. Paul chinapsa mu 1835. Chinatsala ndi khoma lakutsogolo lamiyala, ndipo alendo amapita kukaona khomalo ngakhale kumbuyo kwake kulibe nyumba.

Sikuti mpaka munthu apite kutali kuti aone zimenezi. M'misika ya m'mbali mwa msewu wa M5, umene umadutsa pa boma la Nkhotakota, magolosale ambiri amapulasitalidwa ndi kupentedwa kumaso kokha, pomwe m'mbali ndi kumbuyo njerwa zili pamtunda. Ena amakweza khoma lakutsogolo kupitirira denga kuti malata asaoneke ndiponso kuti papezeke polemba dzina la sitolo. Nthawi zambiri ichi sichinyengo ayi: simenti ndi yodula, ndiye mwini amaiika pamene wogula akuona.

Tanthauzo la chiphamaso

Munthu wolankhula Chisipanishi akanena kuti es pura fachada, akutanthauza kuti chinthucho n'chokongola kunja kokha. Akhoza kunena zimenezi za ukwati umene anthu amauona ngati wamtendere, kapena za munthu wovala suti ali ndi ngongole ponseponse. Kusiyana kwake n'kwakuti Chichewa chimaloza maso a munthu wopusitsidwayo, amene aphedwa, pomwe Chisipanishi chimaloza khoma limene latchinga.

M'nkhani za malamulo ndi zachuma muli mawu akuti empresa fachada, m'Chipwitikizi empresa de fachada. Iyi ndi kampani yolembetsedwa bwinobwino, yokhala ndi dzina ndi akaunti kubanki, koma ntchito yake yeniyeni ndi kubisa kumene ndalama zikuchokera kapena kumene zikupita. Ku Malawi anthu ambiri anazimvetsa izi pa nkhani ya Cashgate mu 2013, pamene zinadziwika kuti makampani ena ankalandira ndalama za boma popanda katundu kapena ntchito iliyonse imene anapereka. Ku Mozambique, makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anatenga ngongole za pafupifupi madola 2 biliyoni mu 2013 ndi 2014 ponena kuti ndi zogulira maboti opha nsomba ndi otetezera gombe. Mbali yaikulu ya ngongolezo itaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi mayiko ena analeka kuthandiza bajeti ya dzikolo, ndipo ndalama ya metical inagwa mphamvu kwambiri chaka chomwecho.