Nyumba ya Tenanti ku Kasungu

Ambiri a ife a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota tili ndi wachibale amene anakwera lole kupita ku maesiteti a ku Kasungu. M'nthawi ya Kamuzu, lamulo la Special Crops Act linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale. Munthu wamba wofuna kulawako ndalama ya fodyayo ankapita kukakhala tenanti, kaya m'minda ya kampani ya Press kaya mwa akuluakulu a boma.

Kumeneko tenanti sankalipira lendi, komabe nyumbayo inali yodula. Ankaimanga yekha, yamitengo yomata dothi, pa nthaka ya mwini, ndipo kawirikawiri inkaposedwa ndi chigafa choumitsira fodya. Chimanga cha phoso, feteleza, ngakhale khasu, zinkalembedwa m'buku la ngongole. Pokolola, mwini esiteti ankagula fodyayo pa mtengo wotsika kuposa wa ku okushoni, n'kudula ngongole yonse. Ife odana ndi katapira tiyenera kulitcha bukulo dzina lake lenileni. Ena anabwerako ndi njinga ndi malata. Ambiri anabwerako chimanjamanja, ndipo wochotsedwa ntchito ankataya ndi pogona pomwe.

Mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Wantchito tsopano ayenera kulandira malipiro. Koma kwacha itachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata inakwera kusiya malipirowo kumbuyo, ndipo nthaka yomangapo ikadali ya mwini esiteti.