Kodi bridleway ndi njira yotani?

Ku England ndi ku Wales, njira zodutsa m'minda ya anthu zili ndi mayina malinga ndi amene amaloledwa kudutsamo. Bridleway ndi njira ya oyenda pansi ndi okwera hatchi. Dzinali likuchokera ku bridle, zingwe zomanga kumutu kwa hatchi pofuna kuiwongolera.

Lamulo la Countryside Act la mu 1968 linalola kuti apanjinga azidutsanso m'njira zimenezi, bola azipatukira apansi ndi apahatchi. Chizindikiro chake ndi muvi wabuluu, womwe umakhomedwa pamtengo kapena pageti. Muvi wachikasu umasonyeza footpath, njira ya miyendo basi. Kupalasamo njinga mwini munda asanalole ndi kulowerera malo a eni.

Kusiyanaku kumawakhudza ochita geocaching, masewera osaka timabokosi tobisidwa pogwiritsa ntchito GPS, omwe anayamba mu 2000. Kabokosi kakakhala m'mbali mwa footpath, wanjinga wodziwa mwambo amakhoma njinga yake kumsewu n'kukafika wapansi. Geti amalisiya mmene walipezera kuti nkhosa zisasochere, ndipo akasayina kapepala ka m'kabokosimo, kabokosiko amakabwezera pamene kanali.