Bwalo la Mzinda wa Glasgow ndi Mkaidi wa ku Robben Island

Mzinda wa Glasgow uli m'dziko la Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Dzina lace si lacilendo kuno, pakuti David Livingstone anabadwira ku Blantyre, pafupi ndi mzindawo, naphunzira za mankhwala m'Glasgow momwemo. Nayonso kampani ya Mandala, imene masitolo ace anawanda ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, inayambidwa ndi amalonda a ku Glasgow caka ca 1878. Patapita zaka zoposa 100, mzinda womwewo unamvekanso m'Africa cifukwa ca mlandu umene eni mzinda anatengera ku bwalo lao la aphungu.

Nchito ya bwalolo inali yodziwika: kusamala nyumba zimene linamangira anthu osauka, kucotsa zinyalala, kusunga mabwalo opumulirako ndi nyumba zowerengeramo mabuku. Pofika caka ca 1980 aphungu anali ndi katundu wolemera. Nchito yopanga zombo pa Clyde, imene inachukitsa mzindawo kale, inali itacepa ndithu, ndipo amuna ambiri anangokhala pakhomo. Nyumba zambiri za bwalo zinali zacinyontho, ndipo amai anali kudza kwa aphungu kudzadandaula za madenga odontha ndi ana otsokomola.

Koma pakati pa odandaulawo panali ena amene anadza ndi nkhani ya kutali. Ku South Africa boma la tsankho linalamulira kuyambira caka ca 1948. Pa 21 March 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo pa 16 June 1976 anaombera ana a sukulu ku Soweto. Nelson Mandela, amene anaweruzidwa caka ca 1964 kukhala m'ndende moyo wace wonse, anali pa cisumbu ca Robben Island. Anthu a m'mabungwe a anchito, a m'mipingo ndi ophunzira a m'Glasgow anagwirizana kutsutsa tsankholo. Iwo anadziwa kuti boma la Margaret Thatcher, limene linalowa caka ca 1979, silifuna kuleka malonda ndi South Africa. Poona kuti ku London mau ao samveka, anagogoda pa khomo lapafupi, ndilo la bwalo la mzinda wao.

Pamenepo panauka mtsutso. Ena anati aphungu anasankhidwira madenga ndi zinyalala, ndipo milandu ya maiko akunja nja boma lalikuru. Enanso anamucha Mandela cigawenga cosayenera ulemu. Koma anzao anayankha kuti mzinda uli nazo zinthu zacezace zimene boma silingaulamulire, monga ulemu umene upereka kwa munthu, maina a miseu yace, ndi ndalama zimene ugulira zinthu. Ngati msonkho wa anthu a m'Glasgow ugula zipatso za ku South Africa, mzindawo walowa kale m'mlanduwo ungakhale uli cete. Maganizo ao anali onga a makolo pamene anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Aphungu anabvomera. Ku Britain kuli mwambo wakale wakuti mzinda ulemba munthu womveka kukhala mfulu yace, ndipo caka ca 1981 Glasgow unakhala mzinda woyamba pa dziko lonse kupereka ulemu umenewu kwa Mandela. Popeza mwini wace anali m'ndende, Alex Ekwueme, waciwiri kwa Pulezidenti wa Nigeria, ndiye anamlandirira. Mkulu wa mzinda pa nthawiyo, Michael Kelly, anatsogoleranso kalata yopempha kuti Mandela amasulidwe, ndipo akulu a mizinda oposa 2,000 a m'maiko oposa 50 analembapo maina ao.

Caka ca 1986 bwalolo linacita cinthu cacing'ono cimene cinaluma kopambana. Pakati pa mzinda panali mseu wochedwa St George's Place, ndipo ofesi ya kazembe wa South Africa inali mu mseu umenewo. Aphungu anasintha dzina lace, naucha Nelson Mandela Place. Tsono ali yense wofuna kulembera kalata kazembeyo anayenera kulemba pa keyala dzina la mkaidi amene boma la kazembeyo linamtsekera. A ku ofesiyo anazemba manyazi pogwiritsa nchito bokosi la ku positi, koma cikwangwani cinakhalabe pa khoma, ndipo odutsa anaciwerenga tsiku ndi tsiku.

Mizinda yina ya ku Britain inatsata njira yomweyo. Sheffield unalonjeza caka ca 1981 kuleka ciyanjano ciri conse ndi boma la tsankho, ndipo mabwalo ambiri analeka kugula katundu wa ku South Africa. Boma la ku London silinakondwere nazo, ndipo caka ca 1988 linaika lamulo loletsa mabwalo kukana katundu cifukwa ca dziko limene wacokera. Lamulo limeneli linamanga thumba la ndalama la mizinda, koma silinathe kufafaniza maina a miseu.

Mandela anaturuka m'ndende pa 11 February 1990. Ulendo wace woyamba wa kunja unali wa ku Lusaka, kumene cipani cace ca African National Congress cinali ndi likulu lace m'zaka za kuthawa. Pa 9 October 1993 anafika ku Glasgow, kumene analandira ufulu wa mizinda ndi zigawo 9 za ku Britain. Mvula inagwa tsikulo, koma khamu la anthu linaimirira pa bwalo la George Square kumuyembekeza. Iye anawathokoza, nanena kuti pamene anali womangidwa m'dziko la kwao, mzinda wa pa mtunda wa mailosi 6,000 unakana kubvomereza tsankho, numuyesa mfulu. Caka cotsatira anakhala Pulezidenti wa South Africa.

Si bwalo la Glasgow limene linagwetsa tsankho. Analigwetsa ndi eni dziko amene anafera ku Sharpeville ndi ku Soweto, pothandizidwa ndi maiko oyandikana nao monga Zambia. Ndiponso dzina la mseu silinafolere denga liri lonse lodontha, ndipo amai aja anabwerabe kwa aphungu ndi madandaulo ao. Koma anthu a m'Glasgow anaonetsa kuti bwalo laling'ono, limene munthu wamba angathe kufikako wapansi ndi kulankhula ndi phungu wace maso ndi maso, liri nayo mphamvu pa zinthu zimene ziri m'manja mwace. Nkhani ya denga ndi nkhani ya mkaidi zinalowera khomo limodzi, ndipo aphungu anayenera kumva zonse ziwiri, pakuti eni mzinda ndiwo anadza nazo.