Benny Andersson, Mlakatuli wa Maimbidwe wa ku Sweden

Pamene Benny Andersson anabadwa mumzinda wa Stockholm pa 16 Disembala 1946, m'banja mwawo munali kale amuna awiri oimba akodiyoni, atate ake a Gösta ndi agogo ake a Efraim. Ndipo iwowo, poona kuti khutu la mwanayo linali lakuthwa, anampatsa akodiyoni yakeyake ali ndi zaka 6, namphunzitsa nyimbo zakumidzi ya kwawo zimene anthu ankavina pa maphwando. Piyano anaidziwa yekha, mwa kumvetsera ndi kuyesa, osadalira zolembedwa papepala, ndipo njira imeneyi sanaisiye kufikira ukalamba wake.

Mu 1964 analowa gulu la anyamata la Hep Stars, limene linatenga mitima ya achinyamata a m'dzikomo. Koma chimene chinatembenuza moyo wake chinadza mu 1966, pokomana ndi Björn Ulvaeus, mnyamata wa gulu lina, amene dzanja lake linali lofulumira pa mawu monga momwe la Benny linalili pa maimbidwe. Mutu umodzi susenza denga. Awiriwa, pamodzi ndi Agnetha Fältskog ndi Anni-Frid Lyngstad, ndiponso motsogozedwa ndi Stig Anderson, ndiwo anakhala ABBA, napambana mpikisano wa Eurovision ku Brighton pa 6 Epulo 1974 ndi nyimbo ya "Waterloo". Zotsatira zake ambiri akuzidziwa: "Dancing Queen" mu 1976, maulendo a maiko akutali, kutha kwa maukwati onse awiri a m'gululo, ndi kuleka kwa gululo mu 1982.

Chimene ine ndichiyesa chachikulu ndicho chimene anachita pambuyo pake. Munthu amene dzina lake linali litamveka kufikira malekezero a dziko, amene akadatha kukhala pansi ndi kudya zipatso za thukuta lake masiku onse otsala, anatembenukira kwa alimi ndi oimba zeze a kumudzi, nayamba kuimba ndi gulu la Orsa Spelmän la ku chigawo cha Dalarna, natulutsa mu 1987 chimbale cha Klinga mina klockor, m'mene akodiyoni inamvekanso poyera yopanda manyazi. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ndipo Benny anawamvera ngakhale sanawamve konse.

Masewero a nyimbo sanawanyalanyaze. Iye ndi Björn analemba sewero la Chess pamodzi ndi Tim Rice, limene linaonetsedwa ku London mu 1986; koma mtima wake wonse anautsanulira pa Kristina från Duvemåla, limene linayamba ku Malmö mu 1995, lochokera m'mabuku a Vilhelm Moberg onena za alimi osauka amene njala ndi nthaka ya miyala zinawathamangitsa ku Småland kunka ku America, ndi za mkazi amene, ngakhale anapeza minda yachonde tsidya la nyanja, sanaleke kulirira kwawo kufikira imfa. Aliyense amene ali ndi mbale wake kutheba adzazindikira chisoni chimenecho asanamve tanthauzo la liwu limodzi la Chiswidishi.

Mu 2001 anakhazikitsa gulu lake la Benny Anderssons Orkester, loimbira anthu ovina awiriawiri m'mabwalo nyengo ya dzuwa, ndipo mu 2021 anayi aja anakomananso natulutsa chimbale cha Voyage. Wowerenga amene amdziwa munthuyu ndi ABBA yokha wamva theka chabe la ntchito yake. Afune Kristina, amvetsere mofatsa.